Sabata imene tinakhala ndi mfumu ya ku Kent

Lolemba ndinalemba dzina loti Æthelberht, mfumu yakale ya ku Kent (dera la ku England), pa bolodi, ndipo ophunzira anga, amene akukonzekera ubusa, anangoliyang'ana ngati dzina la mankhwala a kuchipatala. Tinagwirizana kuti pakamwa tiziti "mfumu ya ku Kent", koma pa mayeso alembe lonse.

Tsikulo linathera kusiyanitsa anthu awiri otchedwa Augustine. Ophunzira onse amadziwa wa ku Hippo, bishopu wotchuka wa kumpoto kwa Africa. Wathuyu ndi wina, amene Papa Gregory anamutuma kuchokera ku Roma kukalalikira Chikhristu, n'kufika pa chilumba cha Thanet ku Kent m'chaka cha 597 ndi anzake pafupifupi 40. Mfumu inakana kukumana nawo m'nyumba, inati akambirane panja poopa kuti alendowo angailodze. Kalasi lonse linaseka, kuseka kwa anthu amene nkhani yotere si yachilendo kwa iwo.

Lachiwiri ndinachedwa dala pa Bertha, mkazi wa mfumuyo, chifukwa ndimaona kuti timamuchepetsa. Anali Mkhristu kale, mwana wa mfumu Charibert ya ku Paris, ndipo anabwera ku ukwati ndi bishopu wake Liudhard, n'kumapemphera m'katchalitchi ka St Martin ku Canterbury, kamene kalipobe mpaka lero. Augustine anapeza munda wolima kale.

Lachitatu magetsi anazima, mapepala osasindikizidwa, ndinangowalembetsa pamanja.

Zinakoma Lachinayi. Ndinawawerengera malamulo a mfumuyi, akale kwambiri mwa onse olembedwa m'Chingerezi. Woba katundu wa tchalitchi abweze ka 12, wa bishopu ka 11, pamene wa mfumu mwiniyo ka 9 kokha. Kugulula mnzako dzino lakutsogolo, masheleni 6. Chala chachikulu cha kudzanja, 20. Diso, 50. Bambo wina wachikulire amene amakhala kumbuyo, mwana wa nyakwawa, anaimika mkono.

"Aphunzitsi, ili ndi bwalo la kwathu ndithu. Kwathu akanangoti mbuzi."

Ndinamuuza kuti sanalakwe: cholinga chinali chakuti mlandu uthere pa chindapusa, mabanja asamangobwezerana magazi. Anatsutsana mpaka belu litalira, ena akuti mfumu inatembenuka mtima zenizeni, ena akuti inkafuna alembi ndi ubale ndi mafumu a kutsidya kwa nyanja. Ine sindiona chifukwa choti zonse ziwiri zisakhale zoona.

Lachisanu tinaiika m'manda mfumuyo: inamwalira mu 616, itathandiza kukhazikitsa maubishopu a Rochester ndi London mu 604. Mwana wake Eadbald anayamba wakana Chikhristu, n'kutenga mkazi wamasiye wa bambo ake (osati mayi ake omubala). "Chokolo!" anakuwa wina. Pambuyo pake Eadbald anabatizidwa ndithu, ndipo mpando wa ubishopu wa Canterbury, umene anzathu a Anglican amaulemekeza, sunagwe.

Madzulo ndachonga timayeso tawo. Anayi alembabe kuti amene anafika ku Kent ndi Augustine wa ku Hippo, ndiye Lolemba tiyambiranso pomwepo.