Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Magazi anga sanafike pa 6

Zikomo nonse amene munanditonthoza pa gawo lapitali. Kwa inu amene munalemba kuti ndinakagulitsa magazi kwa azungu, dziwani kuti kuno ku Britain wopereka magazi salipidwa. Mawu anu aja anandilasa mtima.

Atakwana masiku 28 chichirireni Covid, mu 2020 muja, ndinapita kukapereka plasma, madzi achikasu a m'magazi. Anandifunsa kaye za malungo poti ndinabadwira kumudzi. Kenako makina anakoka magazi, n'kupatula plasma, n'kundibwezera maselo ofiira. Kwa mphindi ngati 45 maso anga anali pathumba limene plasma inkalowamo, maganizo ali kwa alamu anga, omwe sabata imeneyo anali pa oxygen. Ndinkadziwa kuti thumbalo silipita kwa iwo, koma mtima sunkamva zimenezo.

Sikuti aliyense wochira amakhala ndi ma antibody okwanira, tizida ta m'magazi timene thupi limapanga polimbana ndi kachilombo. Plasma ankayamba aiyeza kuchuluka kwa ma antibody ndi mayeso a kampani ya EUROIMMUN, ndipo kafukufuku wa RECOVERY, wotsogoleredwa ndi yunivesite ya Oxford, amene ankayesa ngati plasma ya ochira ingathandize odwala Covid, ankafuna yofika pa mlingo wa 6 kapena kuposa. Ofika pamenepo kawirikawiri anali anthu omwe matendawa anawagoneka m'chipatala. Ine ndinadwalira kunyumba.

Atandiuza kuti yanga yaperewera, ndinakhala pansi m'khitchini, osayatsa magetsi. Alamu anali atamwalira masiku anayi m'mbuyomo. Achemwali anaimba foni usiku umenewo, sindinayankhe. Ndikanawauza chiyani? Mliri unandisiya ine, n'kutenga bambo wa ana atatu, ndipo ngakhale magazi anga analibe thandizo. Ndinkadzuka pakati pa usiku nambala 6 ikuzungulira m'mutu. Kuntchito ndinkasambitsa agogo amene ndinkawasamalira manja anga akunjenjemera.

Miyezi inapita chomwecho.

Mu Januwale 2021, RECOVERY inasiya kupereka plasma. Mwa odwala oposa 11,000, omwe analandira ndi omwe sanalandire anamwalira mofanana, 24 pa 100 aliwonse. Kwa munthu amene mapapo atupa kale, ma antibody amafika mochedwa. Ku Argentina anapeza kuti plasma yamphamvu inkathandiza okalamba akailandira pasanathe masiku atatu chiyambireni kudwala. Alamu anapita kuchipatala tsiku la 9.

Madzulo a tsiku limene ndinawerenga zimenezi ndinaimbira achemwali. Ndinawauza za thumba lija koyamba, ndipo tinalira mpaka foni inatha moto.