Zikomo anthu a ku Ndirande, munatisungira mayi athu

Abale, amayi tinakawaika kumudzi ku Chiradzulu sabata yatha ndipo tabwerako bwino. Ndakhala ndikufuna kulemba koma ndikangogwira foni misozi imayamba, lero ndangolimba mtima. Amene munabwera kudzagona pa siwa, amene munatumiza chipepeso pa Mpamba ndi Airtel Money, amayi a Mvano munaimba mpaka mawu kusasa, Mulungu akudalitseni. Koma kuthokoza kwanga kwenikweni kuli pa zaka zinayi zomwe amayi amadwala zija, paja pamaliro anthu amabwera ndithu olo munakangana, koma matenda oiwalaiwalawa ndi amene amathawitsa ndi abale omwe.

Zinayamba ngati zocheza. Mchere kuthira kawiri mu ndiwo, poto kumusiya pa mbaula mpaka kupserera, ndalama kubisa kenako nkumati mdzukulu waba. Ine mwana wanga ndinamukwapulapo chifukwa cha ndalama yomwe tinadzaipeza mu chitini cha shuga patatha masiku atatu, mpaka pano ndikaganiza zimandiwawa. Pa kachipatala kena anangoti ndi ukalamba umenewu mayi, pitani nawoni. Achibale ena amati tipite kwa asing'anga, ena kwa aneneri, ena nkumanong'ona kuti mwina akulipira zomwe ankachita kale.

Ku Gulupu ndi komwe dokotala wina anatikhazika pansi nkutiuza dzina lake, dementia. Anati awa ndi matenda a mu ubongo, si misala ndipo si kuti aliyense akakalamba amatero ayi. Mtundu wofala kwambiri ndi uja amati Alzheimer's, koma kwa amayi anati BP yawo ya zaka zambiri ija ndi timasitiroko ting'onoting'ono tosaoneka tinaononga mitsempha ya magazi m'mutu. Mankhwala ochiziratu kulibe, anatiuza mosabisa, chomwe mungachite nkusamala BP ndi kuwasamala iwowo. Ndinalira mu minibasi kuchokera pa Ginnery Corner mpaka kutsika, komabe mtima unakhalako pansi poti chinthucho chinali ndi dzina.

Madzulo ndiye inali nthawi yovuta, dzuwa likamalowa amabalalika kwambiri. Amakhala pakhonde kudikira bambo aweruke ku fakitale ya nsalu ya Whitehead, pomwe bambo anatisiya kalekale. Poyamba ndinkawauza zoona kuti amayi, bambotu anamwalira, nde amalira ngati uthenga wafika kumene, mawa lake chimodzimodzi. Anesi amene timakhala moyandikana nawo ndi amene anandiletsa, anati musamatsutsane nawo, ingonenani kuti akubwera tiyeni tidye kaye. Ndi omwewonso anandiphunzitsa kuti akasokonekera mwadzidzidzi kuposa masiku onse ndisamangoti matenda akula, pena chimakhala chikhodzodzo chagwidwa matenda kapena malungo, thamangirani kuchipatala. Kawiri konse zinali zoona. Asisita, munkabwera mutatopa kuchokera ku naiti koma simunadandaulepo, ndilibe chokulipirani.

Tsopano za usiku uja, ambiri munangomva mphekesera. Chinali chaka cha Freddy, 2023, mvula isanatheretu. Amayi moyo wawo onse anagulitsa zitumbuwa mu msika wa Ndirande ndipo ankadzuka 3 koloko, nde thupi linali likukumbukabe zimenezo olo mutu unaiwala. Anadzuka tonse tili mtulo, anatsegula chitseko, anatenga lichero nkumapita ku msika. Anasochera. Anapezeka kuseri kwa nyumba ya eni cha ku mtsinje wa Nasolo, anyowa, nsalu yagwera kwina, lichero lili m'manja, akufunsidwa dzina sakuyankha zomveka.

Inu mukudziwa kuno gogo akapezeka chonchi mbandakucha ndi lichero anthu amati chani. Akuti ena anayamba kale kukuwa kuti mfiti yagwa, ndege yatha mafuta, ena atola miyala. Ine pothamanga mu mdima ndikuwafuna m'mutu mwanga munali za ku Neno zija, 2016, agogo anayi anaphedwa tsiku limodzi powaganizira ufiti. Lamulo lilipo kuyambira 1911 loti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma gulu likatentha ndani amakumbuka lamulo.

Mnyamata wa kabaza amene amapita kukayamba ntchito ndi amene anaima. Anawayang'ana nkunena kuti awa ndi agogo a zitumbuwa aja, ine ndakulira zitumbuwa zawo, amene akufuna kuwagenda ayambe ine. Mayi wina anavula chitenje chake nkuwafunditsa. Achitetezo a m'dera anafika nkubalalitsa anthu, mnyamata uja anawakweza pa njinga wina atawagwirira kumbuyo mpaka pakhomo pathu. Ndinamupatsa ndalama anakana. Achimwene, dzina lanu sindilemba pano poti simunandilole, koma munabwera mpaka ku Chiradzulu kudzanyamula nawo bokosi, banja lathu likukudziwani.

Kuchokera tsiku limenelo tinasiya kubisa. Amfumu anaitanitsa anthu nkufotokoza kuti gogoyu akudwala, mukamuona mubwezeni kwawo. Tinasokerera nambala ya foni pa majuzi awo onse, chitseko tinaika loko wapamwamba. Koma mpanda weniweni munali inuyo. Ana a mu laini mwathu amangowagwira dzanja, agogo tiyeni kunyumba tiyi wapsa. Abambo a pa okala amawapatsa kabanzi akabwera ndi mapepala omwe iwo amati ndi ndalama, nkumalandira ndithu mapepalawo mwaulemu, ine ndikapita kukalipira amati zisiyeni.

Bambo a kunyumba kwanga, inu ndiye munaona zakuda. Apongozi anu amakutchulani wakuba m'nyumba yomwe mumalipira lendi nokha, tsiku lina anakuthamangitsani ndi chipande, munangoseka nkukakhala panja mpaka aiwale. Alamu anga amene munkabwera Loweruka kudzawasambitsa kuti ine ndigoneko, achimwene ku Joni amene simunaphonye ya mapampasi olo zinthu zikuvutani, ndi mwana wanga yemwe uja ndinamukwapula, ndi amene anagona nawo chipinda chimodzi mpaka mapeto. Sindinama, masiku ena ndinkawakalipira amayi, masiku ena ndinkadzitsekera mu bafa kulira nkumafunsa Mulungu kuti zitha liti. Inu munandiona ndili choncho simunandiweruze.

Miyezi yomaliza kumeza kunavuta, phala la Likuni timawamwetsa ndi kasipuni atakhala tsonga kuopa kutsamwa, mapeto ake chibayo ndi chomwe chinawatenga. Dzina langa anali ataliiwala kalekale, amanditchula achemwali, koma a Mvano akayambitsa nyimbo amayi amalandira ndime zonse osaphonya liwu.

Chitenje chija ndidakali nacho, chobiriwira cha maluwa achikasu, ndinachichapa nkuchisunga mu sutikesi. Mayi amene munawafunditsa sindinakuoneni nkhope tsiku lija, kunali mdima ndipo mutu wanga sunali bwino. Ngati uthengawu wakupezani kapena wina akuwadziwa cha ku Nasolo kumeneko chonde ndiuzeni ku inbox, ndikufuna ndibwere nacho ndekha.