Loweruka la madayimondi

Magetsi abwera cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndiye ndatsegula kachipinda ka PlayStation kuseri kwa shopu yanga yometera pano pa Kasungu boma. Anyamata anayi anali kale pabenchi, mitu atagundanitsa pa foni imodzi. Ankaonerera mnyamata wina wa ku Brazil akusewera gemu yowomberana ya Free Fire pa YouTube, akukuwa m'Chipwitikizi chimene palibe ndi mmodzi yemwe amamva. Bandulo ikutha, mapadi anga ali phee patebulo.

Kale lamulo pano linali limodzi: wagonja dzuka, wapambana khala. Matimu a pa gemu ya mpira ya PES anali omwewo kwa tonse, munthu ankatchuka ndi chala chake basi.

Masana wafika mphwanga. "Amalume, munditumizireko kena kake pa Airtel Money, ndigule madayimondi." Ndimayesa nthabwala. Madayimondiwo ndi ndalama za m'gemu ya Free Fire ija, zogulira zovala za kamunthu kake ka pasikirini. Gemuyo amaitsitsa ulere, eni ake amadyera pa timalaya timeneti. Ndamufunsa ngati malayawo amamuthandiza kuwombera. Akuti ayi, koma ukalowa ndi zovala zaulere anzako amakuseka. Mwana yemweyu nsapato zake za kusukulu zayamba kuseka kutsogolo.

Wayamba kundilalikira za Bugha, amene mu 2019 anapata madola 3 miliyoni pa mpikisano wa dziko lonse wa Fortnite ku New York ali ndi zaka 16. N'zoona. Koma ndamuuza kuti ndalama zenizeni zili mwa oonerera ngati anzake aja: Amazon inagula Twitch, webusayiti yoonerera magemu, mu 2014 pa madola pafupifupi 1 biliyoni chifukwa cha maso a anthu ongoyang'ana ena akusewera. Ngakhale mpira, FIFA ija inasanduka EA Sports FC mu 2023, uli ndi mapaketi a osewera ogula osadziwa zam'kati. Ku Belgium mu 2018 boma linati zoterezi ndi juga.

Madayimondi sindinagule. Madzulo ndamupatsa padi, ndati khala apa. Ndamukwapula 3-1 makasitomala awiri akudikira kumetedwa. Iye anaimika foni pa botolo la sipiriti, kujambula gemu yonse. Usiku uno ndaona pa TikTok waikapo chigoli chake chimodzi chija, zanga zitatu wadula.