Lero Tasainirana Mgwirizano ndi Mlembi wa Filimu Yathu

M'mawa wa lero ine ndi wotsogolera filimu yathu tinakumana ndi mayi amene atilembere nkhani ya filimuyo, ndipo tinakhala pansi mpaka masana tikuunika chikalata cha mgwirizano ndime ndi ndime. Mayiwa sanalembedwe ntchito pakampani iliyonse. Amadziimira paokha ndipo amalembera aliyense amene wawapatsa ntchito, choncho palibe malamulo a muofesi amene angatimange pamodzi kupatula zomwe tagwirizana tokha papepala.

Za magawo a ntchito sitinachedwe nazo. Adzayamba ndi treatment, masamba ochepa ofotokoza nkhani yonse popanda zolankhula za ochita sewero, kenako adzalemba sikiripiti yoyamba, adzaikonzanso kamodzi mozama, ndipo pomaliza adzaisalaza. Gawo lililonse lili ndi malipiro ake, ena poyamba ndipo otsalawo akapereka ntchito. Tagwirizana kuti isapitirire masamba 100, popeza tsamba limodzi lolembedwa m'zilembo za Courier 12 limatenga pafupifupi mphindi imodzi pakanema, ndipo tsamba lililonse lowonjezera ndi ndalama zowonjezera pojambula.

Pamene tinalimbana kwambiri ndi pa nkhani yokonzanso. Wotsogolera ankafuna kuti chikalata chinene kuti mlembi adzapitiriza kukonza mpaka ife titakhutira. Mayiwo anavula magalasi awo, nawaika pamwamba pa ndimeyo, ndipo anayankha mofatsa kuti, "Bambo, kukhutira kwanu kulibe tsiku pakalendala, koma ine ndili ndi ntchito zina zimene zili ndi masiku ake." Ine ndinawaona kuti akunena zoona, chifukwa ndime yotereyi imasandutsa ntchito ya miyezi ingapo kukhala ngongole yosatha, ndipo mlembi wotopa salemba bwino. Tinalemba kuti kukonza kulikonse kopitirira zomwe tatchulazo kudzakhala ndi malipiro akeake.

Anapemphanso kuti ndemanga zathu zizibwera zolembedwa, kuchokera kwa munthu mmodzi yekha, ndiponso pasanathe masabata awiri chilandirireni ntchito yawo. Anafotokoza kuti chimene chimaononga sikiripiti zambiri ndi kulandira maganizo otsutsana kuchokera kwa wotsogolera, kwa mwini ndalama ndi kwa wochita sewero wamkulu, aliyense paola lake. Udindo wosonkhanitsa maganizowo wagwera ine, ndipo sindikuukondwerera kwenikweni, chifukwa zikutanthauza kuti mikangano yathu tiziithetsa tokha tisanapite kwa iwo.

Tisanapume anatiwonetsa mtundu wa ndemanga imene imawathandiza. Wotsogolera anatchula malo ena m'nkhani yathu pamene mtsikana apeza kalata ya bambo ake omwalira, nati pamenepo pakuzizira, pakufunika mkangano waukulu. Mayiwo anati mwina vuto silili pa kalatapo, koma kumayambiriro, kumene oonera sanapatsidwe mpata wodziwa chimene mtsikanayo angataye akaiwerenga. Pempho lawo ndi lakuti tiziwauza pamene tatopa, pamene tasokonezeka ndi pamene sitikukhulupirira zochitikazo, koma mankhwala ake tiziwasiyira iwo. Ndikuganiza kuti apa ndi pamene pagona ubale wonsewu, popeza tikulipira luso lawo lopeza njira, osati manja oti azingolemba zimene ife tanena.

Madzulo tinalowa nkhani ya umwini. Anthu ambiri amaganiza kuti ukalipira mlembi ndiye kuti nkhaniyo yasanduka yako nthawi yomweyo, koma sizili choncho. Malinga ndi pangano la Berne la 1886, limene mayiko ambiri amalitsatira, ufulu wa umwini wa zolemba umayamba wokha popanda kukalembetsa kwina kulikonse, ndipo kawirikawiri umakhala wa wolembayo kufikira atausamutsa. Ngakhale ku United States, kumene lamulo limalola kuti wopereka ntchito atengedwe ngati mwini wake kuyambira pachiyambi, pamafunika chikalata chosainidwa ngati mlembiyo ndi wodziimira payekha. Makampani ogawa mafilimu amafunsa zikalata zoterezi asanagule filimu, choncho si nkhani yoichitira ulesi. Ife talemba kuti umwini udzasamukira kwa ife tikamaliza kulipira gawo lomaliza, ndipo ngati filimuyo sijambulidwa m'zaka zitatu, mayiwo adzakhala ndi mwayi wogulanso nkhani yawo.

Za dzina lawo pakanema tabwereka mwambo wa bungwe la alembi a mafilimu la ku United States, lotchedwa Writers Guild of America, ngakhale kuti palibe mmodzi wa ife amene ndi membala. Kumeneko chizindikiro cha & pakati pa mayina awiri chimasonyeza alembi amene anagwirira ntchito limodzi, pomwe mawu a Chingerezi akuti "and" amasonyeza kuti wina anadzalemba pambuyo pa mnzake. Mayiwo anawonjezeranso ndime yoletsa kuti zolemba zawo zisaikidwe m'mapulogalamu a AI, a makompyuta otsanzira nzeru za munthu, popanda chilolezo chawo. Nkhawa imeneyi si yawo yokha, popeza inali imodzi mwa nkhani zikuluzikulu pamene alembi a bungwe lomwelo ananyanyala ntchito kwa masiku 148 m'chaka cha 2023.

Chimene chatsala osathetsedwa ndi chakuti kodi mayiwo azidzapezeka pamalo ojambulira kapena ayi. Wotsogolera akuopa kuti ochita sewero azidzafunsa mlembi m'malo mofunsa iye, pamene mayiwo akuti mizere ina imafunika kusinthidwa pomwepo ikamveka yolemera pakamwa. Tasainirana zina zonse, ndipo nkhani imeneyi tidzaikambanso akatipatsa treatment kumapeto kwa mwezi wamawa.