Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chuku cha m'bafa ku Durban

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapita lija, makamaka amayi aja a ku Mzuzu amene anafunsa za chifuwa cha mwana wanga. Lero ndikuyankhani.

Mukukumbukira kuti titachoka ku Johannesburg tinapeza kanyumba kakuseri ku Umbilo, dera la mumzinda wa Durban. Joni ndi kouma, zovala zimauma msanga. Durban ndi kwina. Mpweya wochokera kunyanja umakhala wonyowa, makamaka Januwale ndi Febuluwale, moti thaulo loyanika m'mawa umalipeza madzulo likadali lonyowa. Bafa lathu linali ndi kawindo kamodzi, koma eni nyumba anakakhomerera misomali poopa akuba.

Poyamba anali madontho akuda pakona ya siling'i. Mvula ya Epulo 2022 itagwa, ija inapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal, khoma linamwa madzi ndipo chuku chinafalikira m'mizere ya matailosi, kuseri kwa chitseko, mpaka pa nsapato za mwana za kusukulu. Eni nyumba anangopakapo penti. Patangotha mwezi, chakuda chija chinatulukiranso pamwamba pa penti.

Usiku ndiwo unkandiwawa. Mwana ankagona chokhala, atatsamira pachifuwa changa, akupuma ngati likhweru lothyoka. Ndinkawerenga mpweya wake mumdima, dzanja langa lili pamsana pake, nthiti zikukwera ndi kutsika. Bambo ake ali ku ntchito ya usiku. Kuchipatala anati ndi mphumu, ndipo anesi anandifunsa ngati m'nyumba muli chinyontho. Ndinangogwetsa nkhope.

Mlamu wanga wina anauza abale kumudzi kuti ndine wauve. Alamu, ndikudziwa mumawerenga. Bafa lija ndinkalikwecha tsiku ndi tsiku mpaka zala kusupuka. Chuku chimafuna chinyontho ndi mpweya wosayenda, sichisankha mwini nyumba.

Mawu a mlamu aja ndi amene anandichititsa chinthu choopsa. Ndinathira Jik ndi viniga mundowa imodzi, chitseko chotseka. Maso anayamba kuwotcha, pakhosi kutsamwa, ndinatuluka chokwawa. Ziwirizi zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa poizoni wa chlorine. Chonde musadzayerekeze.

Anandithandiza ndi mayi wina wachizulu amene tinkagwira naye ntchito. Anabwera Loweruka, nazula misomali ya pawindo ndi pulayala. Silikoni (zomatira zotsekera madzi) wakuda wa m'mbali mwa sinki tinamudula ndi mpeni, chifukwa chuku chikalowa mkati mwake sichichoka ndi kukwecha. Tinasiya malowo aume masiku awiri, kenako tinaika watsopano. M'mizere ya matailosi tinapopera viniga woyera yekha, kudikira ola limodzi, n'kukwecha ndi mswachi wakale, titavala magolovesi.

Chimene chinagwira ntchito kwambiri ndi chizolowezi. Aliyense akasamba amapukuta makoma ndi nsanza youma, windo limakhala lotsegula, thaulo limapita panja pa chingwe. Tinagulanso kafani kakang'ono kamene timakaika pakhomo la bafa.

Tinakhala m'nyumba ija zaka ziwiri zina. Mphumu sinatheretu, koma mwana anayamba kugona chogona ndithu. Za mmene tinasamukira, komanso ndalama ya dipoziti imene eni nyumba anakana kubweza ponamizira chuku chomwechi, ndidzafotokoza m'gawo 8.