Mafirizi asungunuka, ine ndakumbuka ma free radical

Magetsi athima kuyambira mmawa kuno ku Kasungu ndiye mafirizi onse a mayi asanduka madzi, iwo akudandaula za mpamba koma ine mutu wathawira ku chemistry, pepani amayi.

Pali tinthu tina amati ma free radical, molekyu yotsala ndi electron (kachinthu kakang'onong'ono ka mu atomu) imodzi yopanda mnzake, ndiye siyiugwira mtima, mmadzi imagwirana ndi chilichonse usanaphethire nkomwe. Pofuna kuigwira kuti aione bwino, akatswiri amatenga mankhwala amadzimadzi, ether wosakaniza ndi isopentane ndi ethanol, nkuziziritsa mu liquid nitrogen (mpweya wa nitrogen wozizira mpaka kusanduka madzi), -196°C, zimauma gwa koma osati ngati ayezi wathuyu wa makristo ayi, zimakhala ngati galasi loonekera mkati. Akawalitsapo UV (kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso) mamolekyu amaduka nkusanduka ma radical koma zidutswazo zilibe kothawira, zimangoti duu pompo kwa maola, nthawi zina mpaka galasi kusintha mtundu, makina a ESR, ofufuza ma electron opanda anzawo pogwiritsa ntchito maginito, nkumaiona electron ija bwinobwino. George Porter, katswiri wa chemistry wa ku Britain, ankatsekera ma radical m'galasi lotere mma 1950.

Pondikomera ine mpakuti ukangotenthetsa pang'ono galasi limafewa, ma radical aja nkuyamba kuyenda, kupezana, kugwirana, mtundu uja zii.

Mayi akuti iwe siya foniyo ukasake ayezi.