Masikuluwu a denga la holoselo yanga pa Chitakale

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, theka la denga la holoselo yanga tinakalitola m'munda mwa eni ake, misomali yachipewa ili lendelende m'malata. Sinathyoke ayi, inangozuka m'matabwa. Pomanganso ndinasankha mapalini (mitanda imene malata amagonapo) achitsulo, foyilo (chipepala chonyezimira choyala kunsi kwa malata) pakati, ndi malata a IBR, aja a misana yamakona, pamwamba. Foyiloyo ndinaifunira thukuta la malata: kuno ku Mulanje chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julaye, malata amadontha m'kati m'mamawa, ndipo shuga wanga ankagwirana mibulu m'mabelo.

Ku Limbe ndinapita ndekha kukagula masikuluwu odziboolera okha, aja amisiri amati ma tek screw. Ndinatenga a 50 mm poti anali otsika mtengo. Mmisiri wanga atatsegula bokosi sanayankhule kanthu. Anangotenga imodzi n'kuiimika pambali pa msana wa lata.

"Mayi, taonani. Msana wa IBR wokha ndi 37 mm. Onjezanipo foyilo ndi chitsulo cha palini. Kansonga aka ntchito yake n'kuboola basi, sikagwira. Ndikufuna mazinga atatu atulukire kunsi kwa palini. Apa atuluka angati?"

Ndinawerenga. Palibe. Ndinabwereranso ku Limbe mawa lake, mtima ukuwawa ndi ndalama ya minibasi, kukasintha ndi a 65 mm. Akanakhala mapalini amatabwa tikanafuna ena a nsonga yosongoka, a 90 mm. Ulendo uno ndinachenjera: ndinawerenga pabokosi ngati utoto woteteza dzimbiri uli wa Class 3 kapena 4, ndipo kamphira kakuda ka pansi pa mutu ndinakatsina ndi chikhadabo. Kabwino kamabwerera m'malo mwake. Kolimba ngati pulasitiki kamang'ambika dzuwa likakaomba chaka chimodzi. Ndinagulanso bokosi la timasikuluwu tatifupi tolumikizira malata, ndi soketi ya 8 mm ya pa dirilo.

Kukwera pamwamba tinayamba ndi kukunga mawaya ochirikiza foyilo, n'kuyala foyiloyo pamwamba pake, mipukutu ikupitirirana 150 mm. Sitinkayala yambiri nthawi imodzi, chifukwa mphepo yotsika m'phiri masana imaiuluza ngati nsalu pachingwe. Mpukutu umodzi, malata pomwepo. Tinayambira mbali imene mphepo imapita, osati kumene imachokera, kuti polumikizira malata pasayang'anizane nayo. Foyilo ikabisa mapalini sungaonenso poboola, ndiye mmisiri ankakoka chingwe pamwamba pa malata kutsata palini iliyonse.

Sikuluwu imalowa pamsana, osati m'ngalande mmene madzi amayenda. Palini ya m'munsi, ya pamwamba penipeni, ndi pamene malata akumana m'litali, ankamanga msana uliwonse, pakuti mphepo imayambira m'mphepete kukakamula denga. Mapalini apakati ankadumpha msana umodzi. Timasikuluwu tatifupi tija tinkalowa mmene lata lagonera linzake, theka la mita lililonse.

Pamene tinavutika kwenikweni ndi pomanga. Mnyamata wothandizira ankaganiza kuti kulimba n'kukanikiza dirilo mpaka italira. Pofika nkhomaliro mzere wonse unali ndi timphira tophwanyika, totulukira m'mbali, msana wa lata utabonyoka ngati kambale kosungira madzi. Mmisiri anandiitana pamakwerero kuti ndione ndekha. Anamanga imodzi pang'onopang'ono, dirilo ili chilili osapendekeka, n'kusiya kamphira katangotupa pang'ono kuzungulira wasala, kachitsulo kabulungira ka pansi pa mutu wa sikuluwu. Kenaka anayesa kukatembenuza ndi chala, sikanasunthe. "Apa ndi pomwepo, mayi. Kakamazungulira ndiye kuti sinafike. Kakaphwanyika ndiye kuti yapitirira." Mzere wonsewo anaumasula n'kuika masikuluwu atsopano, ndipo ndalama yake inatuluka m'thumba mwanga. Mnyamatayo sindinamukalipire, inenso ndikanamanga chimodzimodzi.

Pawiri anaphonya palini. Sanamate ndi phula monga tinkachitira kale. Anatseka boolo ndi kasikuluwu kakafupi kokhala ndi mphira wake. Madzulo aliwonse ankasesa denga ndi tsache lofewa. Poyamba ndinkaona ngati n'kudzichedwetsa, koma tizitsulo totuluka poboola tikagona pa lata n'kugwa mame, timasiya madontho a dzimbiri m'masiku ochepa.

Ndalama yomaliza ndinaigwira mpaka mvula yoyamba. Itabwera mu Novembala ndinalowa m'holoselo ndi tochi, kuyenda palini ndi palini. Ndinapeza podontha pamodzi, chakumapeto pamwamba pa matumba a mchere. Kutacha mmisiri anakwera, anapeza sikuluwu imodzi yolowa chopendekeka, kamphira kakugwira mbali imodzi yokha. Anaizula, anaika ina yonenepako m'boolo lomwelo, ndipo ndinamupatsa ndalama zake asanatsitse makwerero.